Kuwerenga Nkhomo ndi Makhadi: Mbiri ya Lamulo la Chiwerengero m'Masewera a ku Mzuzu

Pakati pa malamulo onse amene amayendetsa masewera a pakhonde ndi a pansi pa mtengo, lamulo lonena za kuchuluka kwa zida zosewerera ndi limene silitchulidwa kawirikawiri, chikhalirecho ndi limene masewerawo amatsamirapo, pakuti chiwerengero cha nkhomo za bawo kapena cha makhadi chikangosokonekera, luso la wosewera limatha ntchito ndipo chotsatira chake chimakhala mkangano. Mumzinda wa Mzuzu, mwambo wowerenga zidazi masewera asanayambe uli ndi mbiri yoyenda limodzi ndi mbiri ya mzinda weniweniwo, ndipo mizu yake imafika ku gombe la nyanja ya mchere kumene kunachokera amalonda olankhula Chiswahili, kwa Apwitikizi a kuchigwa cha Zambezi, ndiponso ku makomboni a migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni. Funso limene anthu a m'malo onsewa ankaliyankha ndi lomwelo limene linadzavutitsa osewera makhadi osonkhanitsa a ku America ndi ku Japan kuyambira 1993, ndilo lakuti anthu osadziwana angagwirizane bwanji pa kuchuluka kwa zida zimene aliyense akuloledwa kukhala nazo.

Mzuzu ndi mzinda wamng'ono pa zaka poyerekeza ndi Blantyre kapena Zomba. Unaphuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1940 mozungulira minda ya mitengo ya tung, yomwe mbewu zake zimatulutsa mafuta opangira penti ndi vanishi, ndipo minda imeneyi, yomwe inali pa mapiri a Viphya, inadzakhala m'manja mwa bungwe la Colonial Development Corporation. Ulimi wa tung sunapindule monga ankayembekezera eni ake, koma misewu, nyumba ndi maofesi amene unabweretsa zinatsala, kotero kuti likulu la chigawo cha kumpoto litasamutsidwira kuno kuchokera ku Mzimba, malowo anakula mosalekeza mpaka analandira ulemu wa mzinda mu 1985. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000. Chofunika kwambiri pa nkhani ino n'chakuti pafupifupi onse amene anamanga mzindawu anali obwera: Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba ndi ku Rumphi, Atonga okwera kuchokera ku Nkhata Bay, Ankhonde ndi Alambya a ku Karonga ndi ku Chitipa, kenaka ogwira ntchito m'boma, asilikali a ku Moyale ndi amalonda ochokera ku zigawo za pakati ndi kumwera. Kumudzi, mkangano wa pa masewera umathetsedwa ndi wamkulu amene onse amamudziwa ndi kumuopa, koma ku Chibavi, ku Zolozolo kapena ku Mchengautuwa anthu anayi okhala pa benchi limodzi akhoza kukhala a zilankhulo zinayi ndi mipingo inayi, ndipo palibe wa iwo amene ali ndi mphamvu yoweruza anzake. M'malo otere chimene chimatenga udindo wa wamkulu uja ndi lamulo limene aliyense angathe kulitsimikizira ndi maso ake ndi zala zake, ndipo lamulo losavuta kutsimikizira kuposa onse ndi la chiwerengero.

Bawo ndiye chitsanzo chakale komanso chomveka bwino. Masewerawa ndi a banja limodzi ndi bao la ku Zanzibar ndi ku gombe la Tanzania, ndipo analowa m'dera la nyanja ya Malawi potsata njira za malonda a minyanga ndi akapolo m'zaka za m'ma 1800, pamene amalonda olankhula Chiswahili anakhazikika kuno, ma Jumbe ku Nkhotakota ndi Mlozi ku Karonga, ndipo Ayao ankayenda ulendo wa pakati pa nyanja ndi gombe. Dzina lenilenilo likuchokera ku mawu a Chiswahili otanthauza thabwa. Dokotala wina wa boma la atsamunda, Meredith Sanderson, analemba za masewera a mtundu umenewu m'Nyasaland mu 1913, umboni wakuti pofika nthawiyo anali atazika kale mizu. Thabwa la bawo lili ndi mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, kutanthauza maenje 32, ndipo nkhomo, zomwe ndi njere zosewerera, zimayenera kukhala 64 ndendende, wosewera aliyense 32. Mu bawo yosavuta, imene ophunzira amayambira, nkhomo zonse zimaikidwa pa thabwa ziwiriziwiri m'dzenje lililonse, ndipo kachitidwe kameneka nako ndi njira yowerengera, chifukwa dzenje limodzi likatsala ndi nkhomo imodzi aliyense amaona pomwepo kuti ina yasowa. Mu bawo ya akatswiri, gawo lochepa la nkhomo limayamba lili pa thabwa, zambiri mwa izo zili m'dzenje la ngodya zinayi lotchedwa nyumba, pamene zotsalazo wosewera amazisunga pambali n'kumaziponya imodziimodzi. Ku Zanzibar, mwachitsanzo, aliyense amayamba ndi nkhomo 10 pa thabwa ndi 22 m'manja.

Chifukwa chimene chiwerengerochi sichingasinthidwe chili m'kayendedwe ka masewerawo. Mu bawo mulibe mwayi, popeza zonse zili poyera ndipo wopambana ndi amene amatha kuwerengera m'mutu kumene nkhomo yake yomaliza ikagwere, ngati ikadye za mnzake kapena ayi, ndiponso kumene kufesa kwachiwiri ndi kwachitatu kukathere. Katswiri amaona mayendedwe angapo patsogolo asanakhudze dzenje, ndipo kuwerengera konseko kumaima pa chikhulupiriro chakuti nkhomo zimene akuziona, pamodzi ndi zimene mnzake wasunga pambali, ndi zokhazo zimene zilipo. Nkhomo imodzi yobisidwa m'chikhatho n'kugwetsedwa mwakachetechete pakati pa kufesa kwa liwiro imasintha dzenje lothera, ndipo dzenje lothera likasintha masewera onse atembenuka. N'chifukwa chake oonerera bawo sakhala anthu ongodutsa ayi: iwo amaweramira pa thabwa, amawerenga nawo ndi milomo, ndipo amakuwa dzanja likalumpha dzenje. Nkhomo ikatayika, imaloledwa kulowedwa m'malo ndi kamwala, mabo kapena njere ina iliyonse, pakuti maonekedwe ake alibe kanthu, koma palibe katswiri amene angavomere kuyamba ndi nkhomo 63. Nsolo, yemwe ndi m'bale wa bawo wokumbidwa pansi ndipo ndi wodziwika kwambiri ku Zambia ndi m'madera oyandikana nako, amaonetsa njira ina, chifukwa mizere yake imatha kutalika kapena kufupika malinga ndi kuchuluka kwa osewera, nthawi zina gulu ndi gulu. Komabe ngakhale pamenepo lamulo ndi lakuti mbali ziwirizo ziyambe ndi miyala yofanana, ndipo kugwirizanako kumachitika mwala woyamba usananyamulidwe.

Makhadi anabweretsa vuto la mtundu wina, chifukwa mosiyana ndi bawo, mphamvu yawo ili m'kubisa. Akatswiri ambiri a mbiri amati makhadi osewerera anayambira ku China, ndipo anafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1370 kudzera kwa Asilamu a ku Egypt a ufumu wa Mamluk. Mzinda wa Florence unali utawaletsa kale pofika 1377. Paketi ya Mamluk imene inapezeka ku nyumba yachifumu ya Topkapi ku Istanbul imasonyeza kuti mapangidwe odziwika lero anali atakhazikika kalekale: mitundu inayi, uliwonse wokhala ndi makhadi khumi a manambala ndi atatu a mafumu ndi nduna zawo, zonse pamodzi 52. Afalansa, cha m'ma 1480, anasintha zizindikiro kukhala zosavuta kudinda zimene zili pa makhadi a masiku ano, ndipo joka, khadi lopanda mtundu lomwe limatha kuimira lina lililonse, anawonjezedwa ku America m'zaka za m'ma 1860. Boma la Britain linkakhometsa msonkho pa paketi iliyonse mpaka 1960, ndipo chidindo cha msonkhowo chinkaikidwa pa khadi limodzi la sipedi, n'chifukwa chake khadi limenelo limakhala lokongoletsedwa kuposa anzake mpaka lero.

Komabe 52 sinali nambala yokhayo, ndipo apa ndi pamene mbiri ya dera lino imasangalatsa kwambiri. Mayiko ambiri a ku Ulaya anazolowera kuchotsa makhadi ena kuti masewera azithamanga: Ajeremani amasewera Skat ndi makhadi 32, pamene Aspanya, Ataliyana ndi Apwitikizi amakonda paketi ya 40. Apwitikizi anafikitsa makhadi awo ku gombe la kum'mawa kwa Africa ndi kuchigwa cha Zambezi, kumene anali atakhala ku Sena ndi ku Tete kuyambira zaka za m'ma 1500, ndipo chizindikiro chawo chinatsala m'zilankhulo. Mawu a Chiswahili akuti karata, komanso mayina a mitundu ya makhadi akuti kopa, uru, shupaza ndi pau, onse ndi a Chipwitikizi, ndipo mawu akuti njuga kapena juga, amene Achewa ndi Ashona amagwiritsa ntchito, amaoneka kuti anachokera ku liwu la Chipwitikizi lotanthauza kusewera. Ku Mozambique masewera a Sueca amaseweredwa ndi anthu anayi, awiriawiri, atachotsa ma 8, ma 9 ndi ma 10 kuti patsale makhadi 40, aliyense n'kulandira khumi. Ku Tanzania masewera a banja lomwelo otchedwa Albastini amachotsanso ma 2, n'kutsala ndi 36. Mzinda monga Mzuzu, umene msika wake wa Taifa unatchuka ndi katundu ndi amalonda a ku Tanzania, ndipo magalimoto ake amapita ku malire a Songwe tsiku ndi tsiku, uli pamalo pamene miyambo yosiyana ya kawerengedwe imeneyi imakumanirana, moti funso lakuti "tikusewera ndi angati?" si lachabe pamene anthu ochokera mbali ziwiri za malire akhala pa tebulo limodzi.

Njira yachiwiri, yomwe inabweretsa paketi yathunthu ya Chingerezi, inadutsa m'manja mwa asilikali a King's African Rifles, gulu lomwe linakhazikitsidwa mu 1902, ndiponso makamaka mwa anthu opita ku migodi. Chigawo cha kumpoto chinalibe minda ikuluikulu ya azungu ngati ya ku Thyolo ndi ku Mulanje, koma chinali ndi masukulu a mishoni ya Livingstonia ku Bandawe kuyambira 1881, ku Ekwendeni kuyambira 1889 ndi ku Khondowe kuyambira 1894, kotero kuti chinatulutsa anyamata ophunzira ambiri amene analibe kogwira ntchito kwawo. Atonga a ku Nkhata Bay anali m'gulu la oyamba kuyenda ulendo wa ku Rhodesia ndi ku Joni, ena paokha, ena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela, ndipo amene anakhalitsa osabwerera anapatsidwa dzina lakuti machona. M'makomboni a migodi, amuna mazanamazana a mitundu yosiyanasiyana ankagona m'nyumba zothithikana, kutali ndi mabanja awo, ndipo njuga inali imodzi mwa njira zochepa zotayira nthawi ndiponso zoyesera kuchulukitsa malipiro osakwanira; wolemba mbiri Charles van Onselen anafotokoza moyo wa m'makomboni a ku Southern Rhodesia m'buku lake lotchedwa Chibaro, la 1976. Pamene ndalama ya mwezi wonse ili pa bulangete, pakati pa anthu amene sanakulire pamodzi, kuwerenga paketi pamaso pa onse sikukhala mwambo wa ulemu chabe, koma chitetezo. Ulendo wa Wenela unaduka mwadzidzidzi mu Epulo 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 ochokera ku migodi, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu ntchito za kumeneko. Amuna zikwizikwi anabwerera kwawo m'zaka zotsatira, nthawi yomwe Mzuzu unali kukula mofulumira, ndipo anabwera ndi zizolowezi za m'komboni pamodzi ndi masutikesi awo.

Mmene mwambowu umachitikira n'zoyenera kuziona pafupi. Paketi yatsopano siifunsidwa mafunso, koma yatsopano ndi yosowa. Yodziwika ndi yakale, yofewa ngati nsalu, ya m'mbali mwakuda ndi thukuta, yomangidwa ndi mphira, yomwe m'nyengo yozizira ndi ya mawawa ya Juni ndi Julayi imatupa ndi chinyezi mpaka makhadi kumamatirana awiriawiri. Mwini wake asanagawe, wina amaitenga n'kuiwerenga mokweza, kapena amaiyala m'milu inayi ya mitundu kuti aone ngati mulu uliwonse wafika 13, ndipo njira yachiwiriyi ndi yabwino koposa chifukwa imasonyeza osati kusowa kokha komanso khadi lenileni losowalo. Likapezeka kuti lasowa, pamakhala zosankha ziwiri: kulemba ndi bolopeni nambala ndi chizindikiro chake pa joka, kapena kudula kachikatoni, kawirikawiri ka paketi ya fodya, kuti kalowe m'malo mwake. Njira yachiwiriyi imakonza chiwerengero koma imawononga chinsinsi, popeza aliyense amalizindikira khadilo ndi msana wake, ndipo apa pali kusiyana kwakukulu ndi bawo, kumene kamwala kolowa m'malo mwa nkhomo sikasintha kalikonse. Osewera ongocheza amavomera kachikatoni aka n'kumaseka kakatulukira, koma pamene pali ndalama sikaloledwa, ndipo sikaloledwa pa chifukwa chomveka.

Kusowa kwa khadi limodzi kumapweteka m'njira zingapo zimene wosewera wozolowera amazidziwa ngakhale sanaphunzire masamu ake. Anthu anayi akagawana paketi yonse, aliyense amayenera kulandira 13, ndipo paketi ya 51 imasiya mmodzi ndi 12. Choopsa kwambiri n'chakuti amene akudziwa khadi losowalo ali ndi nzeru imene anzake alibe, chifukwa iwo akupitiriza kuliopa kapena kuliyembekezera pamene iye akudziwa kuti silidzabwera, ndipo ngati khadilo silinatayike koma lili pansi pa ntchafu yake, ndiye kuti kusowako kwasanduka kuba. Kuchuluka kwa osewera nakonso kumagunda malire a paketi. M'masewera otaya makhadi, amene aliyense amalandira ochepa n'kumatola ena pa mulu wapakati mpaka wina amalize ake onse, anthu akachuluka muluwo umatha msanga ndipo umayenera kusakanizidwa mobwerezabwereza, kotero kuti pagulu lalikulu ena amayembekezera kuti wogonja atuluke, kapena amaphatikiza mapaketi awiri, chinthu chimene chimasintha mwayi wa khadi lililonse ndipo chimafuna kuti onse avomerezane poyamba.

Mipingo ndi boma sizinayang'ane makhadi ndi diso limodzi ndi bawo. Chiphunzitso cha Apresibateriya, chimene chili ndi mphamvu yaikulu kumpoto ndipo likulu la Sinodi yake ya Livingstonia lili mu Mzuzu momwemo, chinkatsutsa njuga pamodzi ndi mowa, ndipo m'mabanja ambiri paketi ya makhadi yeniyeniyo inakhala chinthu chochititsa manyazi ngakhale pasakhale ndalama. Malamulo a milandu amene dziko linalandira kuchokera kwa atsamunda amaika munthu wosewera masewera a mwayi pa ndalama pamalo a anthu onse m'gulu la osokoneza mtendere. Zotsatira zake zinali zakuti bawo anakhala pabwalo, pafupi ndi msika ndi pa siteji, pamene njuga inabisala kuseri kwa nyumba, kumene wobedwa sangapite kukadandaula kwa wina aliyense. Ichi chinalimbitsa mwambo wowerenga m'malo moufooketsa, pakuti kumene kulibe bwalo la milandu, chilungamo chonse chimayenera kutsimikiziridwa masewera asanayambe.

Makhadi osonkhanitsa anatembenuza maziko onsewa. Mu 1993 katswiri wa masamu wa ku America, Richard Garfield, anatulutsa masewera a Magic: The Gathering kudzera ku kampani ya Wizards of the Coast, ndipo chatsopano chake chinali chakuti panalibenso paketi imodzi ya onse. Kampani imadinda makhadi a mitundu mazanamazana, ena ofala ena osowa kwambiri, n'kumawagulitsa m'timapaketi totseka tomwe wogula sadziwa za m'kati mwake, ndipo wosewera aliyense amasankha mwa amene wasonkhanitsa n'kupanga mulu wakewake wopita nawo ku masewera. Malamulo oyamba ankangofuna kuti mulu usachepere makhadi 40, osaletsa kubwereza khadi limodzi kangati, komanso ankalola kuti aliyense aike khadi limodzi ngati chikole chopita kwa wopambana, lamulo limene linachotsedwa m'mipikisano chifukwa linkafanana kwambiri ndi njuga. Posakhalitsa zinaoneka kuti munthu wa ndalama akhoza kugula makhadi amphamvu ambirimbiri a mtundu umodzi n'kupanga mulu wopambana pa kuponya koyamba, ndipo kumayambiriro kwa 1994 bungwe loyendetsa mipikisano linalamula kuti mulu usachepere 60 ndiponso kuti khadi limodzi lisapitirire kanayi, kupatula makhadi wamba oimira nthaka.

Masamu a lamuloli ndi osavuta, ndipo amafotokoza chifukwa chimene malire a pansi ali ofunika kuposa a pamwamba. Wosewera amayamba ndi makhadi asanu ndi awiri m'manja. Ngati ali ndi makope anayi a khadi limene amalidalira mu mulu wa 40, mwayi wakuti limodzi lipezeke m'manja oyambawo ndi pafupifupi 55 pa 100, koma mu mulu wa 60 umatsika kufika pafupifupi 40 pa 100. Mulu wochepa, choncho, ndi wamphamvu, ndipo munthu amene wabwera ndi makhadi 58 m'malo mwa 60 wadzipatsa mwayi umene mnzake alibe ngakhale atachita mosadziwa. N'chifukwa chake m'mipikisano ikuluikulu wosewera amalemba mndandanda wa makhadi ake onse, oweruza amatenga milu mwadzidzidzi n'kuiwerenga, ndipo mulu wosagwirizana ndi lamulo ukhoza kumugonjetsa munthu masewera asanaponye khadi. Malire a pamwamba Magic alibe, kupatula lamulo lakuti mwini mulu azitha kuusakaniza yekha ndi manja ake. Masewera a Pokémon, amene anayamba ku Japan mu 1996, anasankha 60 ndendende. A Yu-Gi-Oh!, amene kampani ya Konami inayamba kugulitsa mu 1999, poyamba analibe malire a pamwamba, mpaka osewera ena ku Germany anafika pa mpikisano wa 2007 ndi mulu wa makhadi 2,222 wofunika anthu awiri kuunyamula, womwe kuusakaniza kokha kunkadya nthawi ya masewera. Kuyambira 2008 lamulo linakhala la makhadi 40 mpaka 60, khadi limodzi osapitirira katatu.

Pamene osewera achuluka kupitirira awiri, lamulo la chiwerengero limatenga ntchito ina. Kaseweredwe ka Magic kotchedwa Commander, komwe kanayamba pakati pa osewera wamba ku Alaska ndipo kanafalitsidwa ndi woweruza mipikisano Sheldon Menery kampani isanayambe kukagulitsira makhadi ake mu 2011, kamasonkhanitsa kawirikawiri anthu anayi pa tebulo limodzi, aliyense ndi makhadi 100 ndendende, ndipo palibe khadi lobwerezedwa kupatula makhadi wamba a nthaka. Mwayi wakuti khadi limodzi lodalirika lipezeke m'manja oyamba umagwa kufika pafupifupi 7 pa 100, ndipo kugwa kumeneku n'kwadala: cholinga n'chakuti masewera atalike, asafanane tsiku ndi tsiku, ndipo pasakhale mmodzi wothamangitsa anzake atatu asanakhazikike n'komwe. Popeza masewera ambiri a mtunduwu amachitikira m'nyumba ndi m'masitolo popanda woweruza, kusunga nambala ya 100 kumadalira kukhulupirika kwa mwini mulu ndi ufulu wa anzake woupempha kuti auwerenge, ndipo pa mfundo imeneyi tebulo la Commander lili pafupi kwambiri ndi benchi la ku Chibavi kuposa mmene eni ake angaganizire.

Pali kusiyana kumodzi, komabe, kumene sikuyenera kuchepetsedwa, ndipo kumafotokoza chifukwa chimene makhadi osonkhanitsa sanazike mizu m'makwalala a Mzuzu monga anachitira bawo ndi paketi ya 52. Thabwa limodzi la bawo limatumikira dera lonse kwa zaka makumi, ndipo paketi imodzi yotsika mtengo imakwanira anthu anayi kapena asanu, mwini wake osapeza mwayi uliwonse chifukwa chokhala mwini. Wopalasa njinga ya kabaza, imene anthu a mu Mzuzu anaipatsa dzina lakuti sakaramento, amakhala pa thabwa limodzi ndi mphunzitsi wa ku yunivesite ya ku Luwinga, ndipo onse amayamba ndi nkhomo 32. M'makhadi osonkhanitsa chiwerengero chimafanana koma mtengo wa zimene zili mkati sufanana, chifukwa milu iwiri ya makhadi 60 ikhoza kusiyana mtengo kambirimbiri, ndipo makhadi ena osowa a Magic agulitsidwapo pa ndalama zoposa madola miliyoni imodzi. Lamulo la 1994 linachepetsa mphamvu ya chuma pa masewerawo koma silinaithetse, ndipo silikanatha kuithetsa, popeza kampani yodinda makhadi imakhalira kugulitsa atsopano. Kwa wolemba mbiri, n'zomveka kunena kuti bawo anathetsa kalekale, ndiponso mokwanira kwambiri, vuto limene masewera atsopanowa akulimbana nalobe.

Kusintha kwa zaka zaposachedwa kwachokera mbali ina. Masewera a makhadi a pa foni amagawidwa ndi makina, amene sataya khadi ndipo savomereza mulu wosakwana, koma wosewera sangathenso kuuyala pa tebulo kuti auwerenge, ndipo nyumba zobetcherana pa mpira ndi pa makina zimene zafala m'tauni ndi m'makomboni zasamutsa njuga kuichotsa kuseri kwa nyumba n'kuiika pamsewu waukulu, ili ndi chiphaso. Boma linayamba kuyendetsa malonda amenewa ndi lamulo la 1996 lomwe linakhazikitsa Malawi Gaming Board, ndipo lamulo la 2022 linaphatikiza ntchito yoyang'anira njuga ndi malotale pansi pa bungwe limodzi la Malawi Gaming and Lotteries Authority. Udindo wotsimikizira kuti mwayi sunakhotetsedwe, umene kale unali m'zala za osewera eni ake, tsopano uli m'manja mwa oyendera makina ndi opereka ziphaso, amene wobetcha wa ku Masasa kapena ku Chiputula sakumana nawo, ndipo chimene iye amatsala nacho m'manja ndi kapepala kodindidwa ndi makinawo kosonyeza ndalama imene waika.